Kamera inati 10:40

Lolemba, 9 Seputembala

Akuba analowa ku hadiweya kwa ba Collins dzulo masana. Anathyola loko wa chitseko cha kumbuyo n'kutenga mapampu awiri ndi mawaya. Ba Collins anatseka 10:00 kupita ku tchalitchi, pobwerako 12:30 anapeza loko ali pansi.

M'mawa uno Sajeni Chileshe anabwera kuno ku famasi. Kamera ya mgwirizano wathu, ija tinaika ife a mashopu khumi ndi anayi titapangana ndi apolisi kuti tizithandizana, ili pa khoma langa. Imayang'ana polowera kanjira kopita kumbuyo kwa mashopu. Mlembi wa mgwirizano ndine, ndipo makina ojambulira ali pansi pa kauntala yanga.

Tinaonera limodzi kuyambira 10:00 mpaka 12:30. M'kanjiramo munalowa munthu mmodzi yekha. 10:40, njinga, dengu kumbuyo. 10:52 watuluka, dengu lophimba ndi saka. Potuluka anayang'ana kamera n'kukweza chipewa.

Ndi ba Luckson, a nsomba, a ku Chanyanya. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikugula nsomba kwa iwo.

Sajeni anafunsa, "Nthawi ili bwino pa makina apa?" Ndinati inde. Sindinayang'ane n'komwe. Ndinayankha ngati wandifunsa dzina langa.

Lamulo lathu lachitatu, lomwe ndinalemba ndekha, limati chithunzi cha wokayikiridwa chiikidwe pa gulu lathu la WhatsApp lisanathe ola. Sajeni anati tidikire, ayambe wawafunsa. Ba Collins anati, "Manje tinaikira chani kamera, ba Martina? Kuti tizionera filimu?" Ndinachiika 09:15. Lamulo ndi lamulo.

Mutu ukupweteka mbali imodzi.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Chithunzi chatuluka pa gulu. Sindikudziwa wachitulutsa ndani. Ndawerenga mayina onse khumi ndi anayi katatu ngati kuti dzina lingandiuze. Pofika 10:00 chinali m'mafoni a kumsika.

Ba Luckson anabwera ndi nsomba cha m'ma 12, osadziwa kanthu. Anthu anawagwira pafupi ndi pokwerera mabasi. Ine sindinapiteko, ndinangomva phokoso. Wondiuza akuti nsomba zinamwazika mumsewu, ena akumenya ena akutola. Anawalanditsa ndi Sajeni, malaya ake anang'ambika paphewa. Tsopano ba Luckson ali m'chitokosi, atapita kaye ku chipatala. Diso latupa, nthiti ziwiri. Njinga aisunga ngati umboni.

Pa gulu anthu akungotumiza tizithunzi ta zala zoyamika. Ba Collins alemba kuti, "Onani chipewa, anali kutiseka." Wina walemba, "Mgwirizano usebenza," kuti ukugwira ntchito.

Za chipewazo ine ndikuzidziwa. Tsiku lomwe tinapachika kamera mu Juni, ndinawauza mocheza kuti, "Ba Luckson, tsopano ndizikuonani ngakhale ndili m'kati." Anaseka kwambiri. Kuyambira pamenepo akamadutsa amaipatsa moni kamera, poganiza kuti ndakhala pamenepo ndikuyang'ana. Sindinalembe zimenezi pa gulu. Ndinadziuza kuti moni ndi moni, nthawi ndi nthawi, ndipo makina sanama.

Nshima ya masana ndabwera nayo kunyumba osaikhudza.

Lachitatu, 11 Seputembala

M'mawa kunabwera mayi wochepa thupi, fumbi mpaka m'mawondo. Ba Dainess, akazi awo a ba Luckson. Anaima pakhomo, anakana mpando.

"Mayi, pa Sondo ine na amuna anga tinali ku Misa pamodzi ku Chanyanya. Inatha 11. Anamangira nsomba pa njinga nili kuona. 10 koloko angapezeke bwanji mu Kafue muno?"

Ndinati, "Ine ndangopereka zomwe kamera inajambula." Anati dengu lija linali lopanda kanthu, nsomba amasiya kwa mayi wophika kuseri kwa mashopu Sondo iliyonse. Ndinati akauze apolisi. Ndinalankhula ngati ndikupereka mankhwala kwa munthu wosamudziwa.

Masana, 15:30, ndinawerama kuti nditenge mapepala pansi pa kauntala. Makina akuti 12:20.

Ndinayang'ana wotchi ya pamkono, ya pafoni, ya pakhoma. Zonse 15:30. Makina atsalira maola atatu ndi mphindi khumi.

Kenako ndinakumbuka. Loweruka potseka ndinaopa kuti magetsi akazima pa Sondo, batire ya shopu siikwanitsa firiji ya mankhwala a shuga ndi kamera pamodzi. Ndinazula pulagi ya kamera n'kuilumikiza pakhoma. Ndinalemba ngakhale m'buku langa: "Kam. pakhoma, kuteteza firiji." Lolemba 07:30 ndinaibwezera ku batire, Sajeni asanabwere, n'kuiwala.

Magetsi anazima pa Sondo, kamera inazima, wotchi yake inaima. Magetsi atabwera inapitiriza pomwe inalekera. Akuba analowa kamera itazima. Ba Luckson analowa m'kanjira 13:50, loko atathyoledwa kale.

Ndabwezeranso filimu. Mthunzi wa khoma uli mbali ya masana. Unali pomwepo Lolemba, tonse tikuonera.

Sindinapite ku polisi. Ndinatseka shopu 17:00, ndinayesa loko kanayi, ndinabwera kunyumba.

Lachinayi, 12 Seputembala

Asanatuluke mabasi oyamba a ku Lusaka ndinali nditavala kale. Ndinakhala pabedi ndikuganiza zopusa: andichotsa pa ulembi, ba Collins sadzandiyankhanso, eni famasi amva kuti wantchito wawo amene anapita ku koleji sadziwa kuwerenga wotchi. Ndinaganiza zonsezo ndisanaganize za munthu wogona pa simenti ndi nthiti zothyoka. Ndikulemba kuti ndisadzadzinamize.

08:05 ndinali pamaso pa Sajeni ndi buku langa. Ndinamuonetsa mzere wa Loweruka. Anawerenga kawiri.

"Mwaziba liti?"

"Dzulo, 15:30."

Anayang'ana wotchi yake. Bola akanandikalipira. Anangoti, "Ninamufunsani za nthawi, ba Martina." Ndinati ndikukumbuka. Anati nayenso akanayang'ana yekha, ndipo mayi wophika uja anamuuza dzulo kuti nsomba zinafika anthu atadya kale. Anatulutsa pepala, ndinalemba sitetimenti masamba awiri. 

Ba Luckson awatulutsa masana.

Lachisanu, 13 Seputembala

Ndalemba pa gulu zonse: pulagi, firiji, maola atatu, dzina langa. Ndapempha kuti aliyense amene anatumiza chithunzi atumizenso uthengawu komwe anachitumiza. Awerenga onse khumi ndi atatu. Wayankha mmodzi, "Zimachitika." Ba Collins andipeza panja, ati, "Mwationongera, manje apolisi sazatikhulupirira. Elo mwina uja mdala aziba bakawalala bamene banaba." Kumsika akuti anatuluka chifukwa ali ndi m'bale ku polisi.

Chithunzi chinafika ku Chanyanya tsiku limodzi. Uthenga wanga sunadutse ngakhale msewu.

Lolemba, 16 Seputembala

Ba Luckson abwera ndi pepala la ku chipatala, akazi awo atawagwira mkono. Famasi ina ili kutali kwa munthu woyenda chotere. Diso likadali lofiira. Chipewa ndi china, chija chinasowa tsiku lija.

Ndinali nditakonza mawu usiku ndi usana, ndinawalemba ngakhale papepala. Ndinangoti, "Ba Luckson, ndalakwa ndine." Anagwedeza mutu ngati ndanena za nyengo.

"Nifuna kuchiona chithunzi chija. Bonse bachiona, ine chabe."

Ndinawapatsa foni. Anaigwira patali, diso labwino litatsinzina pang'ono. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Apa ninali kumupatsani moni."

"Ndikudziwa."

"Munaziba na pa tsiku lija?"

Ndinati inde.

Anandibwezera foni ndi manja awiri. Ndinawafotokozera kamwedwe ka mankhwala, awiri m'mawa awiri madzulo atadya, ndipo anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto. Ba Dainess sanandiyang'ane mpang'ono pomwe.

Lachinayi, 19 Seputembala

Msonkhano wa mgwirizano. Tabwera asanu. Lamulo lachitatu tafufuta, chithunzi chizipita kwa Sajeni yekha. Ndalemba ndine, popeza palibe wina akufuna ulembi.

Lamlungu, 29 Seputembala

Nditachoka ku tchalitchi sindinapite kunyumba. Ndinatsegula shopu, n'kudzitsekera m'kati. Pulagi ili ku batire. Wotchi ya makina ndi ya pamkono zikugwirizana, ndaona katatu. Mayi wophika anandiuza Lachisanu kuti ba Luckson alandira njinga yawo ndipo lero ayambanso kubweretsa nsomba, ngakhale kumsika ena akuwakanabe.

Ndinakoka mpando, n'kukhala pamaso pa sikirini.

14:25 anatulukira. Sanakwere njinga, amaikankha. Atatsala pang'ono kufika pa khoma langa anaima, anakokera chipewa pansi mpaka chinaphimba nkhope, n'kulowa m'kanjira atatembenuzira mutu kumbali.

14:36 anatuluka chimodzimodzi.

Ndinazindikira atapita kale kuti dzanja langa lili m'mwamba.