Khasu ndi Lalikazi

Lachinayi, Novembala 1956, ku Mua

Mtima wanga suli m'malo lero. Mvula yagwa kachitatu, anzanga onse abzala, koma ine nditaweruka kusukulu ndakakhalanso pakhonde la Abambo wansembe, kuwathandiza kusanja mayina a zinthu m'buku lawo lophunzirira Chinyanja. Munthu ndi anthu mulu wawo, mtengo ndi mitengo mulu wina, chingwe ndi zingwe winanso. Akuti kwawo ku Falansa milu ndi iwiri basi: chinthu chilichonse n'chachimuna kapena chachikazi. Mpeni ndi mwamuna, khasu ndi mkazi! Ndaseka mpaka misozi.

Pofika kunyumba ndapeza mkazi wanga, mayi a Tereza, akungochokera kumunda, matope mpaka m'mawondo, mwana kumbuyo. Ndati ndiwaseketse ndi nkhani ya khasuyo. Sanaseke. Angoti, "Azunguwo sakunama ayi. Chaka chino khasu la pakhomo pano silinalaweko dzanja la mwamuna."



Abambo akundiyembekezanso mawa, tatsala ndi milu itatu. Kuwakanira sindingathe, ndi amene anandilemba ntchito ya uphunzitsiyi. Koma mbewu ya chimanga ikadali patsindwi, ndipo mvulayi ikangodula...