Msoko wa Jezi Nambala 7

Lolemba, 14 Julaye

Matumba awiri lero. A kochi a koleji ya aphunzitsi m'mawa, a koleji ya zaulimi masana. Mwamwayi sanakumane pakhomo la shopu. Mpira wawo Loweruka, onse akufuna majezi Lachisanu, ngati ndili ndi manja anayi. Chaka chachisanu ndi chimodzi ndikuwasokera. A Aulimi obiriwira, a Aphunzitsi oyera.

Thumba la Aphunzitsi sindinalitsegule. Muli nambala 7, jezi ya mwana wanga. Miyezi isanu chimwalirireni. A kochi anati, "Mayi, 7 yapeza mwini wina. Ndi wathupi, muikulitseko." Amayankhula akuyang'ana makina, osati ine. Ndinavomera. Ndikanati chiyani? Jezi ndi ya koleji.

Lachiwiri, 15 Julaye

Bambo ake ndi kope lawo patebulo. Zaka makumi awiri akuyendetsa basi ya koleji ya zaulimi, ndiye Aulimi anawalowa m'magazi. Akuti Aulimi agoletsa zigoli 19 chaka chino, Aphunzitsi 11 zokha. Kumbuyo kwa Aulimi ndi khoma, goloboyi wa Aphunzitsi ndi wa manja obooka. Kale zimenezi ankanena pomuputa mwana, mwana n'kumaseka, "Adadi, alimi anuwo amathamanga ngati avala magambutsi." Tsopano akuuza ine. Ndimangoti eya, eya. Zikunditopetsa koma ndiwaletse bwanji.

Ine matimuwa ndimawadziwira pong'ambika. Majezi a Aulimi amang'ambika m'khwapa ndi m'mapewa, anthu okankhana ndi zigongono. A Aphunzitsi amang'ambika kumsana cham'munsi, pokokedwa ndi amene wasiyidwa m'mbuyo. Ndatsegula thumba lija. Ong'ambika kumsana atatu okha. Chaka chatha anali asanu ndi atatu, ndipo 7 ndinkaisoka sabata iliyonse. Aphunzitsi liwiro linawathera. Sindinawauze bambo ake.

Lachitatu, 16 Julaye

Obiriwira onse ndamaliza. Ulusi woyera watsala pang'ono.

Masana, 7. Ndinainunkhiza, sindinama. Sopo basi. Anali wowonda mwana wanga, anzake ankamutcha Udzudzu. Jeziyi itabwera koyamba inkamulendewera ngati diresi, ndinaichepetsa zala ziwiri mbali iliyonse. Anati, "Amayi, ithine, asapeze pogwira." Ankapezabe.

Ndamasula, ndasoka, ndasita. Mayi wa saluni yoyandikana ndi shopu anabwera ndi nkhani zake za mpongozi, manja akugwira okha ntchito. Sizinavute monga ndinkaopera. Mwina ndayamba kulimba.

Lachinayi, 17 Julaye

Manyazi.

Mwini watsopano wa 7 anabwera kudzayesa. Chimunthu, mapewa kudzaza chitseko, koma waulemu. Anakweza manja, jezi n'kukakamira pachifuwa, osatsika osakwera. Tinachita kuikoka awiri. Nditaitembenuza ndinaona. Dzulo ndinamasula msoko, inde, kenako n'kusokanso modutsa momwe muja. Muyeso wa mwana wanga, osaphonya ngakhale pang'ono. Zaka zonsezi pamakina sindinalakwitsepo chonchi.

Iye anati, "Musavutike amayi, ndivala 18 ya pabenchi." Ndipo ndinakondwa. Mulungu andikhululukire, mtima unati ikhale, isavalidwenso. Pakamwa panatuluka zina. Ndinati abwere mawa.

Madzulo ndinawauza bambo ake. Sanaseke. Akuti mnyamatayo amamudziwa, ndi wolemera miyendo koma akamenya mpira goloboyi amapemphera. Kenako anati, "Wathu uja akanakhalapo, Aulimi sakanapuma." Zaka zitatu mwana akusewera, sanamuyamikirepo pamaso. Akunena lero, kwa ine, patebulo la anthu awiri. Ndinakwiya. Ndinatuluka kukaanula zovala zoti sizinaume.

Lachisanu, 18 Julaye

Ndatseka chitseko cha shopu kuti pasabwere wondicheza. Lumo latsopano. Ndadula ulusi umodziumodzi, ndikuyang'ana. Ndayeza ndi tepi katatu, ndalemba ndi choko, ndasoka motsata chokocho osati manja. Tizibowo ta singano tatsala m'mbali monse muwiri. Ndasita, sitikuchoka.

A kochi onse atenga matumba awo. A Aulimi akuti awina ndi zitatu. A Aphunzitsi sanalonjeze kanthu, angoti, "Mubwere mawa mayi, mpando ulipo." Ndati ndiona. Sindipita. Kukaona 7 ikuthamanga chakumanja kuja, kumsana kokha, n'kumayesa ndi iyeyo? Ayi.

Shopu yangoti mbee. Pa hang'ala palibe choyera ngakhale chimodzi.

Lamulungu, 20 Julaye

Ndinapita. Bambo ake anavala malaya obiriwira, anafika pageti, n'kubwerera kudzanditenga. Sanakhale kwa Aulimi anzawo. Tinakhala pakona, anthu awiri opanda timu.

Aulimi ankakankha, monga mwa masiku onse. Aphunzitsi ankachedwa, monga anandiuzira majezi. Akuti zinathera 2 kwa 1, ndamva lero kutchalitchi. Wawina ndani sindinafunse.

Ine maso pa 7. Sabata yonse ndinkaopa kuti akatembenuka afanana naye. Ndinakonzeka, mpango m'manja. Anatembenuka kambirimbiri. Kathamangidwe kena, kaimidwe kena, mutu wowerama. Palibe anamukoka kumsana ngakhale kamodzi. Mphindi makumi asanu ndi anayi ndikumufunafuna mwana wanga m'jezi muja, ngakhale kamphindi kamodzi kokha koti maso andinamize. Sanandinamize.

Potuluka anandiona, anabwera thukuta lili kamukamu. "Amayi, yandikwana bwino kwambiri."

Yamukwanadi. Ndinasoka ndine.