Chingerezi Changa Chachuluka

14 Juni 2021

Andikananso ntchito ya muofesi. Akuti pafoni sindimveka. Ine, akauntanti wa ku Lilongwe, kuno ku Perth wonyamula makatoni kudera la Welshpool. Msana moto.

16 Juni

Mkazi wanga Annastazia wapeza maphunziro aulere a Chingerezi. Ukamaliza amakupezera ntchito ya zomwe unaphunzira. Zofunika zitatu: digiri, kudziwa bwino chilankhulo cha kwanu, ndi Chingerezi choperewera. Ziwiri ndili nazo. Chachitatucho ndiye vuto. Kusukulu ndinkatenga mphotho za mtsutso, pa Chingerezi pomwepo.

Annastazia akuti, “Mphothozo zakuchotsani pa makatoni?”

20 Juni

Ndapempha Mwape andiphunzitse kuthyola Chingerezi. Mnzanga wa pa makatoni, injiniya wa ku Lusaka, nayenso wafunsira maphunzirowo. Malangizo ake: “Mudala, uzikamba monga wabwela mailo. Akakufunsa, uziseka chabe.” Mailo kwawoko ndi dzulo.

Ndayeserera pagalasi. Mwana wandipeza, wakauza mayi ake kuti adadi adwala.

30 Juni

Atitsekeranso m'nyumba chifukwa cha mliri, Perth yonse. Mayeso olowera maphunziro aja anali pa Zoom. Malaya ositidwa kumtunda, kumunsi kabudula.

Chichewa ndakhoza, ndi miyambi yomwe. Kenako mayi woyesa Chingerezi. Wokoma mtima, wolankhula pang'onopang'ono ngati akudyetsa khanda phala. Dzina ndatchula movutikira. Ndaseka chabe, kawiri. Zimayenda.

Ndiye wakweza chithunzi cha kakyuleta. Akuti kodi kwathu ndinachionapo chimenechi?

Sindikudziwa chinandigwira. Ndamufotokozera za misonkho, za bajeti, za mabuku a kampani zitatu omwe ndinkatseka ndekha. Chingerezi cha mphotho, osapuma. Kuseri kwa laputopu Annastazia akundigwedezera dzanja, kenako wangokhala pansi. Mayi uja wawomba m'manja.

Mtima unazizira bwino, kunena zoona. Mpaka nthawi ya chakudya chamadzulo. Palibe wandilankhula.

9 Julaye

Yankho lafika. Sindili woyenera. Chingerezi changa akuti n'chapamwamba, ndipo andiyamikira kwambiri.

Mwape amutenga. Atamuonetsa kakyuleta anaseka chabe.

Ndakwiya, komanso manyazi. Sindikudziwa chachikulu n'chiti.

12 Julaye

Mayi uja waimba yekha. Ndimati asintha maganizo. Ayi. Akusowa munthu wothandiza ophunzira kuyeserera kulankhula, Loweruka lililonse, mwaulere. Ndavomera, poti mwina adzandilembera kalata yaumboni.

Wophunzira wanga woyamba ndi Mwape.