S ya pa Chiliza cha Ramsey

Lolemba, 4 Ogasiti 2025

Mwera tsiku lonse. Kunabwera mayi Liness, mkazi wa malemu Ramsey. Loweruka akumanga chiliza ku Benga, ndipo akufuna ndikalembe dzina simenti isanaume. Akuti amuna awo asanatsirizike anati, "Dzina langa adzalembe Grey. S amaidziwa ndi iye yekha."

Ankadziwa tsono! Mu 1991, chikwangwani chachikulu cha kampani ya mpunga ndinalemba ndine, dzuwa likundiwotcha pamakwerero. Iye ankangondigwirira chitini cha penti, kenako n'kusaina dzina lake m'munsi. Kumaphunziro ku Blantyre anapita ndi iye. Ukapitawo analandira ndi iye. Ine ndinapumira ntchito pamakwerero omwewo. Kupepesa, ngakhale kamodzi.

Ndawauza kuti ndiyambe ndaganiza.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Zilembo zina ndi ukalipentala chabe. E, H, T: rula ndi pensulo, basi. Pa O, waulesi amazunguliza mbale. S yokha siilola rula. Mimba ya m'munsi iyenera kukulirapo pang'ono kuposa ya m'mwamba, apo ayi imagwa chamutu. Mpweya umodzi, dzanja osaima. Ndinaikonda ndili Sitandade 1, tikulemba pamchenga, ndisanadziwe n'komwe kuti imatchulidwa bwanji.

Ndatumiza mawu kuti ndavomera. Ndikamulembera S yopunduka, aisenze mpaka tsiku lachiweruzo. Anthu sadzazindikira. Tidzadziwa awiri, ine ndi iye.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Kuseri kwa nyumba, ndi kamtengo, kuphunzira kulemba S yoipa. Ntchito yonyansa. Iliyonse ndimaifufuta ndi phazi ndisanaimalize.

Mayi a kunyumba, a Nester, akuyanika chinangwa: "Bambo, munthu munalimbana naye ali moyo. Lero mwayamba kulimbana ndi manda?"

Ramsey ndi Ramsey, koma S inandilakwira chiyani? Ndikailemba bwino. Osati chifukwa cha iye.

Kapu ya tiyi yandigogodanso mano. Dzanja lamanja. Mwina n'kuzizira.

Loweruka, 9 Ogasiti

Minibasi yodzaza ndi madengu a usipa, jekete langa lonse fungo. Kumanda anthu ambiri. Mmisiri womanga, Maganizo, mwana wa dzana: "Madala, changu, simenti siidikira a penshoni!"

Ndinagwada ndi msomali wa mainchesi sikisi. R, A, M, zoongoka ngati asilikali. S ndinaiyamba bwino. Pakhosi pake, pamene imatembenukira, dzanja linadumpha lokha. Mimba inatuluka kumbali ngati ya mwana wa njoka za m'mimba. Ndinapempha chipande cha mmisiri kuti ndisalaze. Simenti inali itagwira kale.

Sindinachite dala. Ndikulemba pano kuti zidziwike: sindinachite dala.

Amayi a mvano anaimba. Mayi Liness anandigwira mkono, misozi ili mbwe: "Zikomo a Grey, zakongola ngati za makina." Za makina!

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Palibe amene waona. Ngakhale mmodzi. A Nester akuti ndizisiye, akufa sawerenga. Koma S yanga yomaliza padziko ndi imeneyo, ndipo simenti imakhalitsa kuposa penti.

Kumanda munthu salowa ngati kumsika. Pafunika chilolezo cha eni mudzi ndi cha banja, ndipo adzafunsa chifukwa. Ndiye kuti ndikaime pamaso pa mkazi wa Ramsey, chipewa m'manja, ndinene ndi pakamwa panga kuti ine Grey, S yandikanika.

Ndagula tchizulo chokagobera S ija ndi simenti ya m'kajumbo. Ndalama ya mankhwala a BP. Kugulira Ramsey!

Lachitatu, 13 Ogasiti

M'mawa ndayesanso pamchenga, mzere wonse mpaka pamtengo wa mango. Palibe yaima. Zonse zikuthyokera pakhosi pomwepo.

Msomali uli m'thumba. Wakabaza wondiyambitsa ulendo wa kwa mayi Liness wafika, akuliza belu.