Ndawavundukula abambo

Lachitatu. Tsiku lowawa.

Usiku wathawu sindinagone chifukwa cha fungo lochokera kuchipinda kwa abambo. M'mawa ndachita chomwe mwana wamkazi sachita: ndawavundukula nsalu. Ambuye mundikhululukire, koma mtima wanga sukulapa ayi.

Chilonda chili m'munsi mwa msana, chachikulu ngati chitsekero cha botolo, chonyowa. Pachiuno napo payamba kuda. Abambo atafa ziwalo, anesi anatiuza bwinobwino kuti tiziwatembenuza maola awiri alionse, pogona pazikhala pouma. Kusambitsa ndi kutembenuza tinasiyira achimwene a Yohane poti ndi amuna. Iwo amabwera pa njinga kuchokera ku Nkhulambe Loweruka lokha, kuwapukuta kumaso, basi. Ine n'kumangopereka phala, ati kusunga mwambo, munthu akuola!

Pomwe ndimatsuka chilondacho, abambo anabisa nkhope ndi dzanja lawo lomwe limagwirabe ntchito. Anati, "Mwananga, maso ako aona zosayenera." Ndinalira, koma sindinasiye.

Masana ndawaimbira achimwenewo. Akuti, "Iwe Esinati, wapenga? Anthu akamva ati chiyani?" Ndawayankha kuti anthu awowo abwere adzanunkhize okha. Ndivomere, ndawatukwananso mawu oti munthu wa kwaya sangatchule.

Ndawauza asankhe: abwere azigona konkuno, apo ayi andisiye ndiziwasamala ndekha, osakandinenera kwa amalume. Andiyankhe pofika Lachisanu. Akangoti zii, pajatu achimwenewo ndi mkulu wa mpingo, Lamulungu ndikaimirira m'tchalitchi momwemo n'kuulula zonse.