Ayi Wanga Alibe Gawo Lachiwiri

Lolemba, 4 Malichi
Saluni yodzaza. Pa TV sewero lija la dokotala wolemera. Lero watsekereza namwino pakhomo. Namwino akuti ndisiyeni, iye n'kumupsompsona basi, nyimbo n'kuyamba. Azimayi pansi pa madraya kuwomba m'manja. Madamu, eni saluni, akuti mwamuna weniweni ndi ameneyo. Ine mutu wa kasitomala m'manja, kumangoluka.
Telala wa shopu yoyandikana amaonera pazenera lathu. Poweruka wandifunsira. Ndakana mwaulemu.

Lachitatu, 6 Malichi
Telala wabwera atavala chijasi choyera cha udokotala. Chodzisokera yekha, tepi yoyezera ili lendelende m'khosi. Ndamuuzanso kuti ayi. Iye kumwetulira. Akuti namwino nayenso anayamba n'kukana.

Lachisanu, 8 Malichi
Dzulo dokotala anagwada pamvula. Kuno dzuwa lili phwee, ndiye telala wadzithira ndowa ya madzi n'kugwada pakhomo pathu, mano ali gwegwegwe. Makasitomala kuseka mpaka misozi. Nanenso ndinaseka. Mayi a wigi yofiira, kasitomala wathu wakale, akuti ndine wouma mtima.
Azakhali pafoni: "Mkazi savomera tsiku limodzi, mnyamatayo akudziwa." Nanga ayi weniweni amanenedwa bwanji? M'chinenero chanji?

Loweruka, 9 Malichi
Chimfine chamugwetsa telala. Mtendere. Shampu watsala pang'ono kutha.

Lachiwiri, 12 Malichi
Ndimachapa matawulo kuchipinda chakumbuyo. Chitseko kutsekeka. Iyeyo, chijasi chake chomwe chija. Anandigwira mkono mwamphamvu, nkhope pafupi, fungo la mankhwala a chifuwa. Ndinati ndisiye. Sanandisiye. Nyimbo kunalibe, mpopi wokha kudontha. Ndinakuwa ndi mawu amene sindimadziwa kuti ndili nawo.
Madamu analowa ndi chipeso chamoto m'manja. Iye anandisiya, ali kakasi, n'kufunsa kuti walakwitsa pati, poti zonse za m'sewero watsatira bwinobwino. Amafunsa zenizeni. Chimenecho ndiye chikundiopsa kwambiri.
Madamu anamukoka ndi kolala mpaka pamsewu.

Lachinayi, 14 Malichi
Zala zake zikuonekabe pamkono. Dzulo sindinabwere. Madamu akuti mawa tipita limodzi kupolisi, ndipo akanena iwowo zimene anaona. Za mwamuna weniweni sanazitchulenso. Anangondigulira fanta.
Lero ndiye linali tsiku la gawo lomaliza. Nyimbo itangoyamba, mayi a wigi yofiira anandiyang'ana mkono, n'kutenga rimoti okha. Anapeza pulogalamu ya kaweetedwe ka nkhumba. Saluni yonse kuonera nkhumba zikubayidwa jekiseni, aliyense nkhope ya pamaliro. Ndinamva kutentha m'maso, ndinatsala pang'ono kuwakumbatira.
Ndikuwachotsa wigi ija, anandikodola kuti ndiwerame. Chapansipansi: "Pepa mwanawe, usandione ngati mfiti. Koma ukuganiza kuti dokotala ndi namwino akwatirana?"