Mphesa za Mkamwini wa ku Machinjiri

Machinjiri, Blantyre
Okutobala 1974

Achimwene a Dominiko,

Kodi munayamba liti kuweruza mlandu wa munda umene simunaupondemo? Yankhani limenelo kaye, moni abwere pambuyo.

Chabwino, nayu moni. Muli bwanji ku Halale kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana? Ife kuno tili bwino, kupatula bondo la amayi ndi mtima wanga umene mwauputa ndinu.

Onesimo, mwana wa amayi aang'ono uja, anabwera ndi mawu anu. Akuti mwamva kuti mzungu wa mlongo wanu Clara wabzala mitengo ya mphesa pamunda wa mbumba, ndipo inu monga mwinimbumba mwalamula kuti izulidwe. Mzere umodzi wautema kale ndi chikwanje, zipatso zili lende. Mizu akuti adzaikumba mvula yoyamba ikangofewetsa nthaka, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana paphiri la Ndirande.

Chimene chikukuopsani ndikuchidziwa. Agogo athu anathyoka msana ndi thangata ku Thyolo, ndipo ankati mzungu akabzala mtengo lero, mawa abzala mpanda. Ndikudziwanso kuti mkamwini sabzala mitengo kwa eni ake. Sukulu sindinapite nayo patali, kulemba kuno ndinadziphunzitsa ndekha pa nyuzi zokulungira nsomba, koma mwambo musandiphunzitse. Chimene simukudziwa ndi munthu amene mukumuweruzayo. Pa ukwati wa Clara kunalibe inu, ankhoswe anali malemu amalume. Ndiye khalani pansi mumve.

Dzina lake ndi Ottmar Brehm, ife timati a Buremu. Anabadwira ku Jeremani, m'mbali mwa mtsinje wina umene mapiri ake onse ndi mphesa zokhazokha. Nkhondo itatha, munda wa bambo awo unagulitsidwa. Iwo anakwera sitima ya pamadzi mpaka ku Beira, ya pamtunda mpaka ku Limbe, atanyamula bokosi la masipanala. Anayamba ndi kukonza zigayo, kenako anatsegula sitolo ya zitsulo za chigayo ndi njinga. Clara anakumana nawo atapita kukawakalipira chifukwa cha tcheni cha njinga chimene chinaduka tsiku lomwe anagula. Mukuona, m'banja mwathu lilime si langa ndekha.

Anthu ankayembekeza kuti amutengera Clara kumayadi. Iwo anafunsa kuti mwamuna kuno amakhala kuti akakwatira, atauzidwa, anamanga nyumba kuseri kwa amayi. Khadi la chipani amayenda nalo ngati ife tonse, ndipo tsitsi amameta mpaka khosi kuwala.

Mphesazo zinawazunza, achimwene. Chaka choyamba chiswe, chachiwiri mbalame. Zitayamba kubereka, zinkapsa mu Januwale pakati pa mvula n'kuolera mumtengo. Machinjiri yonse inkaseka kuti mzungu akulima nkhuni. Ine ndinkaseka kuposa onse, sindibisa.

Ndiye chaka cha dzana, mvula itangoleka, mbuzi ya amayi inathyola mpanda n'kudya nsonga zonse. A Buremu anakhala pansi n'kuvula chipewa ngati pamaliro. Koma poti sataya chinthu, anapitiriza kuthirira ndi madzi a kumtsinje. Mitengo ija inaphuka mwatsopano, n'kubereka m'chilimwe, n'kupsa mvula isanagwe. Kuyambira pamenepo amadulira nthawi imene inadulira mbuzi. Mbuziyo anaitcha Kapitawo, ndipo aliyense wotchula za kuipha pa Khirisimasi amakangana naye.

Vinyo woyamba tamulawa chaka chino. Abambo mfumu a kuparishi anagwedeza mutu n'kupempha botolo lina. Amayi anati ngowawasa ngati bwemba, koma kapu sanabweze.

Za amayizo ndikuuzeni. Wina anauza a Buremu kuti mkamwini sayang'anana ndi apongozi ake. Achinyamata a m'tauni muno analeka kale zimenezo, koma iwo anazigwira ngati lamulo la boma. Akamva ndodo ya amayi amapatukira m'tchire, munthu wa imvi, mimba patsogolo. Tsiku lina amayi analowa mwadzidzidzi m'chisakasa chofulira vinyo. Posowa kothawira, bambo aja analowa mumgolo wopanda kanthu. Amayi anawaona bwinobwino, koma anakhala pansi pambali pa mgolowo n'kuyamba kusenda mtedza wa lichero lonse, uku akuimba nyimbo za kutchalitchi. Mmene a Buremu ankatuluka, malaya ndi ndevu zonse zinali zofiirira. Ameneyu ndiye wolanda minda wanuyo?

Tsiku limene Onesimo anatema mzere uja, ine ndinamuthamangitsa ndi munsi mpaka kumsewu, ndipo sindikupepesa. Pothawa ankakuwa kuti iye amamvera mwinimbumba yekha. Clara ankalira. A Buremu sanakweze mawu. Anatola nthambi zotemedwazo, anazidula tizidutswa, anazikulunga m'chiguduli chonyowa, napita kwa amayi. Anagwada kuseri kwa khoma la khitchini, nkhope atalozetsa kumbali, nalankhula ndi Chichewa chawo chokhotakhota chija.

“Amayi, kwathu munthu amabzala mphesa kuti adzamwe ndi mdzukulu. Munda ndi wanu, wa Clara, wa Doreen mwana wathu. Ine ndine mkamwini, ndikachoka ndidzatenga chipewa changa basi. Izi bzalani ndinu, asadzanene kuti anabzala mlendo.”

Amayi anaitanitsa khasu. Ndi bondo lawo lija anakumba okha, kukana kuti ndiwathandize. Atamaliza anayang'ana kukhoma kuja nati, “Tulukani uko bambo, mudzathirire. Ndatopa kulankhula ndi njerwa.”

Anatuluka, achimwene. Kwa nthawi yoyamba chikwatirireni anayang'anana ndi apongozi awo, ndipo onse awiri anaseka mpaka misozi. Timitengo ta amayi tayamba kale kutulutsa masamba.

Tsopano mundiuze. Onesimo akabwera ndi khasu lake, adzasiyanitsa bwanji mpesa wa mkamwini ndi mpesa wa amayi anu? Kapena mukufuna mudzamveke kuti munazula zimene anabzala amene anakuberekani?

Amayi akuti Mulungu akusungeni kumeneko. Clara ndi Doreen akupereka moni. A Buremu nawonso, ngakhale ine ndinawauza kuti simukuyenera moni wawo, ndipo akusungirani botolo pansi pa bedi. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti ali ndi azakhali amene saluma nthawi zonse.

Koma mvetsani ichi. Kalata ino musaiike m'thumba la jekete n'kuiwala. Lero lomwe lembani kwa Onesimo kuti khasu lake akalimire chimanga kwawo. Lembaninso kwa a Buremu, ndipo pamwamba pake musati mzungu, muti alamu. Mawu oipa anachoka kwa inu, abwino achokenso kwa inu, ndipo afike kuno mvula isanafike.

Ine mlongo wanu,
Gertrude